Majekete ofiira a ku Brecon

Tawuni ya Brecon ku Wales ilibe siteshoni ya sitima, choncho ine ndinakwera basi ku Cardiff, yomwe inadzera ku Merthyr Tydfil n'kukwera mapiri odzaza nkhosa isanatsikire kuchigwa cha mtsinje wa Usk. Ndinkapita kukaona nyumba yosungiramo zinthu zakale ya asilikali a Royal Welsh, yomwe ili pa msewu wa The Watton pambali pa kampu ya asilikali. Kuyambira m'chaka cha 1873 kampu imeneyi inali kwawo kwa gulu la asilikali oyenda pansi lotchedwa 24th Regiment of Foot, lomwe linagonjetsedwa ndi ankhondo a Cetshwayo, mfumu ya Azulu, ku Isandlwana pa 22 Januwale 1879, tsiku limene anthu oposa 1,300 a mbali ya Britain anaphedwa.

Alendo ambiri amathamangira ku mikondo, zishango ndi nkhani ya Rorke's Drift, malo amene asilikali ochepa a gulu lomweli anadziteteza kwa Azulu ambiri nkhondo ya ku Isandlwana itangotha, koma ine ndinakhalitsa pa zovala. Msilikali wa nthawi imeneyo ankavala jekete lofiira la nsalu yaubweya lokhala ndi mabatani amkuwa, thalauza la buluu wakuda lokhala ndi kamzere kofiira m'mbali, ndi malamba achikopa omwe ankayeretsedwa ndi dothi loyera, monga mmene amayi amazirira khonde kumudzi. Pa malambawo pankapachikidwa timatumba ta zipolopolo za mfuti ya Martini-Henry, ndipo munthu mmodzi ankanyamula zipolopolo 70. Munthu akayang'ana kukhuthala kwa nsaluyo, n'kukumbukira kuti Januwale ndi nthawi yotentha ku dziko la Azulu, amazindikira kuti amene anakonza yunifolomu imeneyi ankaganizira za perete wa kwawo kozizira, osati za thukuta la wovalayo.

Asilikali eniake ankadziwa zimenezi. Chisoti choyera chimene ankavala kumayiko otentha chinkaonekera kutali, motero ambiri ankachidetsa ndi tiyi kapena matope, n'kuchotsanso baji yonyezimira ya patsogolo. Akakhala kwawo ku Britain, kuyambira mu 1878 ankavala chisoti china chokutidwa ndi nsalu ya buluu, chokhala ndi chitsulo chosongoka pamwamba ndi baji yaikulu yooneka ngati nyenyezi.

Koma chimene chinandikopa kwambiri ndi tizinthu ting'onoting'ono tomwe mlendo angatidutse osationa. Popeza pafupifupi aliyense ankavala zofiira, gulu linkadziwika ndi mtundu wa nsalu yosokeredwa pa kolala ndi kumapeto kwa manja a jekete, ndipo wa gulu la 24th unali wobiriwira ngati msipu. Pa kolala pankakhalanso baji ya chifanizo cha ku Egypt cha mkango wa mutu wa munthu, yokumbutsa nkhondo imene gululi linamenya m'dzikolo mu 1801. Udindo unkaonekera pa mkono: nyota ziwiri kwa kopolo, zitatu kwa sajeni, pamene msilikali wamba amene wakhala zaka osapalamula ankapatsidwa mizere yake kumunsi kwa mkono, yomwe inkabwera ndi kandalama kowonjezera pa malipiro. Wodziwa kuwerenga jekete ankatha kudziwa mbiri ya munthu asanatsegule pakamwa.

Zofiirazi sizinakhalitse pambuyo pa Isandlwana. Mabunu, omwe ankalasa bwino patali, anaonetsa kuopsa kwake mu 1881, ndipo nkhondo ya ku Ginnis ku Sudan pa 30 Disembala 1885 ndiyo imatchulidwa kawirikawiri kuti inali yomaliza kumenyedwa ndi asilikali a Britain ovala zofiira. Kaki, yemwe anayambira ku India, ndiye analanda malo.

Nditatuluka ndinayenda pansi kupita ku tchalitchi chachikulu cha Brecon, kumene kumasungidwa mbendera ya gulu la 24th imene akuluakulu a asilikali awiri, Melvill ndi Coghill, anafa poyesa kuipulumutsa pa nkhondo ya ku Isandlwana, yomwe pambuyo pake inatoledwa mumtsinje wa Mzinyathi. Gulu limene linanyamula mbenderayo linasinthidwa dzina patangopita zaka ziwiri, chifukwa mu 1881 nduna yoona za nkhondo, Hugh Childers, inathetsa manambala a magulu, ndipo 24th inakhala South Wales Borderers. Lamulo lomwelo linati magulu a ku England ndi Wales azivala zoyera pa kolala ndi m'manja, a ku Scotland zachikasu, a ku Ireland zobiriwira, ndipo odziwika ndi dzina lachifumu za buluu. Asilikali ambiri sanakondwe nalo lamuloli, ndipo a ku Brecon anabwezeredwa mtundu wawo wobiriwira mu 1905.