Mwana wachira khansa: zoti mukonze asanakwane zaka 18

Dokotala wa ku Lusaka akanena kuti mankhwala a khansa atha, banja limapuma. Ng'ombe zinagulitsidwa kale, munda unagona chaka chathunthu mayi ali kudwazika, mwinanso kaloba akadali kubereka. Ndiye mawu akuti mwana azibwerabe kudzaonedwa amalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Ana ambiri ochira timawataya pamenepa.

Chifukwa chobwerera ndi ichi: mankhwala amene anapha khansa amasiya zipsera zimene zimadzaonekera patapita zaka. Doxorubicin amatha kufooketsa mtima mwakachetechete, n'chifukwa chake mtima umafunika kuunikidwa ndi makina a echo mwana asanayambe kupuma movutikira. Cisplatin amaononga makutu ndi impso. Mwana amayamba kulephera m'kalasi, aphunzitsi n'kumati ndi wamwano, pamene iye sakumva bwino. Cyclophosphamide wambiri angavutitse kubereka. Wochitidwa opaleshoni ya chotupa cha Wilms nthawi zambiri amatsala ndi impso imodzi. Ameneyu ayezedwe BP ndi mkodzo chaka chilichonse, ndipo asamamwe ibuprofen kapena diclofenac wogula pa kantemba. Wochotsedwa diso chifukwa cha retinoblastoma amafunika kusinthidwa diso loikirira akamakula, ndipo ana amene adzabereke adzaunikidwe maso akadali akhanda, pakuti khansa imeneyi nthawi zina imayenda m'magazi.

Zonsezi dokotala wa ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete angaziyang'anire, koma pokhapokha atadziwa chimene mwana analandira. Choncho musachoke ku Cancer Diseases Hospital kapena ku University Teaching Hospital (UTH) ku Lusaka opanda pepala lofotokoza chithandizo chonse: dzina la khansa, mayina a mankhwala ndi kuchuluka kwake konse, mbali ya thupi imene inawotchedwa ndi makina, opaleshoni imene inachitika, tsiku lomaliza mankhwala ndi nambala ya fayilo. Lijambuleni pa foni, mutumizenso kwa m'bale wina, lenilenilo mulisunge m'pulasitiki kutali ndi chiswe. Pepala limeneli likasowa, magazi ndi zithunzi zimayambidwanso, ndipo ulendo wa makilomita oposa 550 kuchokera ku Chipata kupita ku Lusaka pa Great East Road umabwera popanda chifukwa chenicheni.

Tsopano za inshuwalansi. NHIMA, bungwe la boma la Zambia loona za inshuwalansi ya zaumoyo, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2019. Wa pa ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, abwana n'kuwonjezera 1 peresenti ina. Mlimi, wa geni kapena woyendetsa njinga ya kabaza amalembetsa yekha n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Membala amalembetsa mkazi kapena mwamuna wake ndi ana osakwana zaka 18. Msampha uli pa zaka zimenezi. Mwana amene anadwala ali ndi zaka 7 amafika 18 pa nthawi yomwe mavuto a mtima kapena a kubereka angayambe kuonekera, ndipo nthawi yomweyo ndi imene amayenera kuima payekha. Ambiri amadzazindikira ali pa windo la chipatala, akuuzidwa kuti dzina silikuoneka.

Konzekerani msanga. Mwana atenge reji (chitupa cha unzika) akangokwana zaka 16, ndipo muonetsetse kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana ndi za pa khadi la chipatala. Chilembo chimodzi chosiyana chimachedwetsa zinthu. Kutatsala miyezi ingapo kuti akwane 18, pitani naye ku ofesi ya NHIMA kapena pa desiki lawo ku chipatala mukafunse za kulembetsa kwake, makamaka ngati akadali pa sukulu. Mukalembetsa musadumphe miyezi, chifukwa khadi lokhala ndi ngongole limakanidwa tsiku lomwe mwalifunitsitsa. Kwa mlimi, nzeru ndi kupatula ndalama ya miyezi yambiri pogulitsa soya, mtedza kapena chimanga mu June ndi July. Mu January, ufa ukuvuta, palibe amene amakumbukira inshuwalansi.

Makampani a inshuwalansi omwe si a boma kawirikawiri salipirira matenda amene munthu anali nawo kale. Werengani mbali imeneyo musanasaine, ndipo musabise mbiri ya khansa, pakuti akadzaitulukira angakane kulipira.

NHIMA salipira basi, chakudya kapena malo ogona ku Lusaka, komatu ndalama zambiri zimathera kumeneko. Pemphani dokotala kuti magazi ndi mkodzo ziyezedwe konkuno, inu mupite ndi zotsatira m'manja, ndi kuti echo ndi kliniki zikhale tsiku limodzi kapena masiku otsatizana. Musanyamuke opanda kalata yotumizira odwala ndi tsiku lotsimikizika. Ndalama ya basi ya anthu awiri muisungire ku chilimba kapena ku banki ya m'mudzi, osati kuthamangira kaloba tsiku likayandikira. Banja likafika posowa pogwira, kaonaneni ndi wa Social Welfare wa pa chipatala, komanso a CWAC (komiti yoona za anthu ovutika) a m'dera lanu, amene amathandiza kupeza mabanja oyenera Social Cash Transfer, ndalama zimene boma limapatsa mabanja ovutika. Tengani pepala lija la chithandizo popita kumeneko, makamaka ngati mwana anatsala ndi chilema cha maso, makutu kapena mwendo.