Sabata ya blenny ndi mlamba m'Fomu 3

Sabata ino m'Fomu 3 timaphunzira mmene thupi la cholengedwa limagwirizanirana ndi malo amene chimakhala. Chitsanzo ndinasankha blenny, kansomba ka m'nyanja ya mchere kokhala m'matanthwe a korali (omangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja), ngati a ku Bazaruto ku Mozambique. Ana a kuno ku Chikwawa nyanja imeneyo amangoimva, ndiye Lolemba foni yanga inayenda dzanja ndi dzanja kuti aliyense aone chithunzi.

Kali ndi mutu wobulungira, maso ali pamwamba, ndipo pamwamba pa masowo pali tinyanga tofewa. Mitundu yake ilipo pafupifupi 400, yambiri yosaposa chala kutalika. Kakakula sikakhala ndi kathumba ka mpweya kamene kamathandiza nsomba zina kuyandama, choncho kamatsamira pa mwala ndi zipsepse zapansi, n'kumapala ndere ndi timano tondandalika ngati chipeso. Kakaona mdani kamalowa m'una chambuyo, mutu wokha panja. Ana analemba zonsezi, koma nkhope zimaonetsa kuti sizinalowe.

Lachitatu ndinalawirira kumsika wa Nchalo, ndinagula mlamba wamoyo ndi makakana awiri, nsomba zonga chambo. Mlamba uja ali m'beseni, ndinati aliyense augwire. Unawapulumuka onse. Ndinawauza kuti blenny nakonso kalibe mamba, khungu lake ndi loterera chomwecho, motero sikakhulika polowa m'timauna ta korali.

"Sala, ndiye kuti ndi kamwana ka mlamba?" anafunsa mnyamata wina kumbuyo.

Si pachibale ayi. Funso lake linatidyera phiriyodi yonse, ndipo sindinadandaule. Ana a asodzi a ku dambo la Elephant Marsh ndiwo anatenga nkhani: mlamba umapuma mpweya wa kunja madzi akaphwa, pamene nsomba ya dowe imadzikwirira m'matope mpaka mvula itagwa. Zimenezi amazidziwa kuposa buku. Mtsikana wina anatsegula kukamwa kwa makakana n'kufotokoza kuti yaikazi imafungatira mazira m'kamwa. Atamva kuti kwa blenny yaimuna ndiyo imalondera mazira omata pa khoma la una, n'kumawakupiza ndi zipsepse mpaka ataswa, atsikana anaombera m'manja, anyamata ali chete.

Lachinayi mvula inatibalalitsa. Lachisanu ndinapereka kamayeso, ndipo mwa mafunso onse funso la mazira ndi limene palibe analiphonya. La kathumba ka mpweya ndibwereza Lolemba, nditatumbula makakana pamaso pawo.