Ndinapita kukafuna bwalo la Ebbets Field, ndinapeza nyumba zogonamo

Mlamu wanga wa ku Bronx, mumzinda wa New York, anandiuziratu kuti kukafuna bwalo lakale la masewera a baseball ku Brooklyn ndikangotaya nthawi, koma ine makani. Ndinakwera sitima yapansi, madola 2.90, n'kutsikira pa Prospect Park. Za m'sitimamo tisiye, phokoso lokhalokha. Mukamapita mu Epulo tengani jekete, mphepo yake imaluma ngati ya ku Dedza mu Juni.

Nditafika pa Bedford Avenue ndinangoti kakasi. Pamene panali Ebbets Field pano pali nyumba zosanja zanjerwa, zazitali mpaka khosi kuwawa. Bwalolo analigwetsa mu 1960, timu ya Dodgers itasamukira kale ku Los Angeles. Ndinazungulira kawiri, nsapato zikundithina, osaona chilichonse cha baseball.

Ndiye anandiitana agogo ena amene ankakoka kangolo kogulira zinthu. "Mwana wanga, ukufuna Jackie eti?" Ndinavomera. Anandilondolera ku Sullivan Place, pang'onopang'ono chifukwa cha bondo, n'kundilozera kachikwangwani kakang'ono koti ukhoza kukadutsa osakaona. Apa ndi pomwe Jackie Robinson anaima pa 15 Epulo 1947, munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi yaikulu ya baseball ku America kuyambira zaka za m'ma 1880.

Ndinawauza kuti ine ndimadziwa mpira wamiyendo basi. Anaseka, n'kutulutsa lisiti ya m'sitolo, kuseri kwake n'kuyamba kulemba. Brooklyn Dodgers 5, Boston Braves 3. Oonerera 26,623, bwalo silinadzaze n'komwe. Kenaka analemba dzina la Robinson, yemwe ankasewera mu Dodgers, pambali pake 0 pa 3, kutanthauza kuti pa maulendo atatu omenya mpira, palibe pomwe anaumenya bwino n'kufika pa base, malo omwe womenya amathamangira.

"Agogo, ziro?" Ine m'mutu mwanga munali zoti tsiku lotere munthuyo anachita zodabwitsa. Ayi ndithu. Woponya wa Braves, Johnny Sain, anamuvuta tsiku lonse. Koyamba Robinson anamenya mpira wokwawa, anamutulutsa asanafike pa base. Kachiwiri unapita m'mwamba, anauwakha. Kachitatu kunaipiratu, anatuluka awiri nthawi imodzi. M'chigawo cha 7 anangougunda pang'ono dala kuti mnzake Eddie Stanky asunthire pa base yotsatira, koma Earl Torgeson wa Braves poponya anaphonyetsa, mpira n'kumenya Robinson yemweyo, onse awiri n'kupulumuka. Mnzawo Pete Reiser atamenya wamphamvu, Stanky anamaliza kuzungulira ma base n'kugoletsa, Robinson n'kutsatira, ndipo Dodgers inatsogola mpaka kumapeto. Agogowo ankafotokoza akuthamangitsa chala palisiti ngati ali m'bwalomo, kangolo kaja kayiwalika m'mbali mwa msewu.

Pansi anawonjezera za chaka chonsecho: ma home run 12 (kumenya mpira n'kuzungulira ma base onse kamodzi), ndi mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse. Nambala ya pa jezi yake, 42, matimu onse anaipumitsa mu 1997 pomulemekeza, osaiperekanso kwa wosewera watsopano. Ndinakhala ndikuyang'ana ziro uja. Munthu akusewera maso onse ali pa iye, ena akudikira kuti alakwe apeze chonena, pepala n'kungolemba 0 pa 3.

Ndinafuna kuwagulira khofi, anakana, ati mankhwala awo salola. Ndinagula wanga ndekha, madola atatu, wozizira ngati madzi a mumtsuko. Pobwerera ndinakwera sitima yolowera ku Coney Island, ndinazindikira titadutsa masiteshoni asanu. Mlamu anaseka mpaka misozi, koma lisiti ija ataiona anapempha kuti aijambule.