Duwa la koko, munaling'ambapo?

Amene mumadzala koko kumadimba kuno ku Chigwa cha Shire, kaya ku East Bank kaya m'mbali mwa Elephant Marsh, ambiri mumati koko sachita maluwa. Amachita ndithu, kungoti mwa apo ndi apo, komanso ife maso amangokhala pansi pomwe pali chakudya basi.

Chachikasu chachitali chimene mumaona chija si duwa ayi, ndi tsamba longokulunga, a sayansi amati spathe. Maluwa enieni ali mkati, ting'onoting'ono tambirimbiri tomatirira pa kamtengo kamodzi. Tengani lezala mung'ambe mbali yobiriwira ya m'munsiyo, koma samalani ndi utomoni, umayabwa zedi chifukwa cha mchere wa m'chomeracho wotchedwa calcium oxalate, yemwe uja amakanda pakhosi koko akapanda kupsa.

Pansi penipeni ndi pomwe pali maluwa aakazi, tobiriwira tothithikana ngati njere za chimanga chanthete. Kalikonse ndi duwa pakokha ngakhale kalibe zokongoletsa zilizonse, ndi kathumba ka mbewu basi, ovary, ndipo pamwamba pake pali kamutu konata kolandira mungu, stigma, kongokhala pomwepo kopanda ndi khosi lomwe. Mukadula kamodzi n'kuyandikitsa kamera ya foni muona kuti mkati muli chipinda chimodzi chokha, timazira tambiri tamera m'makoma mwake osati pakati. Pakati pa tobiriwirato mwamwazikana tina toyera, timeneto ndi tosabereka. Mukakwera pang'ono kamtengo kaja kamawonda, apo palibe chobereka, kenako maluwa aamuna, kenako nsonga yopanda kanthu.

Chondisangalatsa ine ndi nthawi yake. Aakazi amakonzeka tsiku loyamba m'mamawa, duwa limafunda n'kutulutsa fungo, koma mungu wa aamuna umatuluka mawa lake, aakazi aja atatha kale ntchito komanso tsamba lija litafinya pakhosi kutseka njira. Ndiye mungu uyenera kuchokera pa duwa lina, ndipo onyamula ake ndi tintchentche totchedwa Colocasiomyia tomwe kwawo ndi ku Asia ndi New Guinea, komwe kokoyu anachokera. Kuwonjezera apo mitundu ina ya koko ili ndi ma chromosome (tinthu ta m'maselo tosunga chibadwa) 42 m'malo mwa 28, imeneyo ndiye njere iwalani.

N'chifukwa chake timangodzala ana ake kapena mitu, ndipo dimba lonse limakhala mbewu imodzimodzi yongogawidwa, matenda akagwira umodzi agwira onse. Ku Samoa mu 1993 matenda owauka masamba, Phytophthora colocasiae, anapululutsa minda pafupifupi yonse, ndipo cha m'ma 2010 anavutitsa ku Nigeria, Cameroon ndi Ghana. Mitundu yopirira imene inapulumutsa Samoa inachokera pa tithumba tobiriwira tomweti, akatswiri akupaka mungu ndi manja, nthawi zina atapopera mankhwala otchedwa gibberellic acid kuti koko achite maluwa. Ndiye amene amathyola duwali n'kutaya ati likudya chakudya cha pansi, chabwino ndi dimba lanu, koma liyang'aneni kaye.

Pajatu kachomera koyandama kooneka ngati letesi kaja, kodzadza m'madambo a Shire, Pistia, nakonso ndi kachibale ka koko. Osati namasupuni ayi, ameneyo ndi banja lina. Mukakavuula n'kutambasula masamba apakati mupeza ka spathe kaubweya kochepa kuposa chikhadabo, ndipo mkati mwake duwa lalikazi ndi limodzi lokha, aamuna ochepa ali pamwamba pake.