Mmene ndinasankhira nsalu ya suti yanga ya ukwati

Ukwati wathu unali wa mu Okutobala, ndiye inu a kuno ku Salima mukudziwa kale dzuwa la mwezi umenewu, ngakhale ku Senga Bay mphepo imabwera yotentha. Ndinkafuna suti yosoketsa osati ya pa kaunjika, komanso ya wool weniweni, ubweya wa nkhosa uja. Telala wanga ndi madala ena a pa Kamuzu Road, iwo anati ndisagule kaye nsalu, ndipite ku Lilongwe ndikapemphe tizidutswa m'mashopu ndibwere nato. Ndinabwera nato tisanu.

Ine mtima unali pa kena ka buluu konyezimira, m'mphepete mwake analembamo Super 150s. Madala aja anangokagwira n'kuti "achimwene, zolembazi aliyense atha kulemba, tiyeni tione nsaluyo." Akuti nambala ija imangonena kuwonda kwa ubweya, ikakula ndiye kuti nsalu ndi yofewa kwambiri koma sikuti ndi yolimba ayi, Super 100s kaya 120s imapirira kuposa 150s makamaka pa thalauza pokhalira apa.

Poyamba anandiuza kuti ndifumbate kachidutswa kalikonse mwamphamvu kenako ndikasiye patebulo. Wool weniweni amadzitambasula yekha, makwinya amatha iwe ukuona. Tiwiri tinangokhala tokwinyika ngati pepala la tchipisi.

Kenako tinatuluka panja, chifukwa pa babu mtundu wa nsalu umanamiza. Ukakweza kansalu kuloza kudzuwa umaona mmene anakalukira, ngati timipata take tili tofanana ndipo kuwala kukudutsa pang'ono ndiye kuti mphepo nayo idutsa. Kena kanali kokhuthala, pa kapepala kake analemba 340g pa mita, madala anati kameneko n'ka ku Dedza mu Juni, kuno ndifune ya cha m'ma 250 kuti ndisasambe thukuta pamaso pa apongozi.

Chimene chinanditsegula maso ndi machesi. Anasolola ulusi pa kachidutswa kalikonse, wa m'litali ndi wopingasa womwe, poti nsalu zina amasakaniza, mbali imodzi wool ina poliyesita. Atayatsa wa ka gireyi kananunkha ndendende ngati tikamawaula mutu wa mbuzi, moto unazima wokha, kunatsala kaphulusa kakuda koti ukakatikita ndi zala kamangofumbutuka. Atafika pa ka buluu kanga kaja ulusi unasungunuka n'kununkha jumbo yopsa, kumapeto kwake kunaundana kampira kolimba koti sungakaphwanye. Mtima unandiwawa zedi guys, chifukwa ndikanalipira ndalama za wool pa pulasitiki ndipo ndikanapsa nayo mu tchalitchi.

Ndinatenga ka gireyi, Super 120s, mamita 3.5 a jekete ndi thalauza. Madala anandichenjezanso za layiningi, nsalu ya mkati mwa jekete ija, kuti ndifune ya viscose, ukaika ya poliyesita mkati ndiye wool wako sapumanso, komanso posita osaika simbi mwachindunji koma pamwamba pa kansalu konyowa kuti isayambe kunyezimira.

Pobwerera ku Lilongwe kukagula nsaluyo, kachidutswa ka gireyi kaja kanali m'thumba la malaya. Asanadule ndinapempha a mu shopu kuti mpukutu wa nsaluyo autulutse pakhonde, ndinakasanjika pamwamba pake padzuwa, ndinafumbatanso ngodya imodzi n'kuona ikudzitambasula, kenako ndinawauza kuti aduleno.