Marozi agwira, chiswe chagonja

Anzanga a maluwa, ndodo za marozi zimene ndinadula n'kubzala m'machubu zagwira! Dzulo ndinang'amba chubu chimodzi kuti ndione, ndipo pansi pa mfundo panali timizu toyera mbee, tina titayamba kale kupiringizika m'mbali mwa pulasitiki. Masamba atsopano ndi ofiirira, onyezimira, osati aja ophukira mphamvu ya ndodo basi kenako n'kufota.

Chimene chinandisowetsa tulo nyengo yonseyi ndi chiswe. Ndodo ndinkadula bwinobwino, zonenepa ngati pensulo, masentimita 20, mfundo zitatu kapena zinayi, kudula mopendeketsa pansi pa mfundo. Zinkaphuka, mtima n'kukhala pansi. Tsiku lina m'mawa n'kupeza masamba agwetsa nkhope. Ukaigwira ndodoyo imangozuka yokha, yopepuka, kwatsala khungwa lokha, m'kati mwadzaza dothi lofiira lomata. Pamwamba pa chubu osaona kanthu, ntchito yonse ikuchitikira pansi.

Phulusa ndinathira mpaka m'khitchini munatha. Limathandiza ndithu, koma ukangothirira kawiri katatu mphamvu yake yapita. Ndinasinja masamba a ombwe, kuviika usiku wonse, kusefa, kuthira. Nsabwe za m'masamba zinatheratu, pamenepo ombwe ndimaulemekeza, koma chiswe sichinamve n'komwe. (Amene muli ndi maiwe a nsomba samalani, madzi a ombwe amapha nsomba, musatsukire ndowa kumtsinje.) Ena anandiuza za nimu, koma nimu ndi wa kotentha, ku Tete ndi ku Moatize. Kwathu kuno ku Angónia kumupeza n'kovuta.

Anandimasula ndi agogo ena aamuna amene amafesa mitengo kuseri kwa msika wa Ulongwe. Anafafaniza dothi la m'chubu ndi zala, n'kutola kachidutswa ka phesi. Akuti, "Mayi, chiswechi sichikulondola maluwa anuwa. Chikulondola mapesi, duwa chikungolipeza panjira." Zoonadi, manyowa a m'khola amene ndinagula anali osapsa, odzaza mapesi ndi udzu wouma, ndipo machubu anali pansi, moti chiswe chinkangolowera m'mabowo otulukira madzi aja.

Ndiye ndinamanga thandala la nsungwi lofika m'chiuno, miyendo yake n'kuiika m'zitini za oilo wakutha wa galimoto. Dothi ndinasintha lonse: magawo awiri mchenga wa kumtsinje, gawo limodzi dothi lakuda la pansi pa mitengo, manyowa ayi mpaka mizu ituluke. Chubu chilichonse ndinachivundikira ndi botolo la pulasitiki lodula pakati, pamthunzi wa mtengo wa pichesi. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kunachedwetsa mizu, paja kuno tili pamwamba pa mamita 1,000, koma palibe ndodo ina imene inadyedwanso. Ine ndikuti amene akuvutika ndi chiswe ayambe wakweza machubu asanataye ndalama pa mankhwala a m'sitolo.

Ndodo za marozi ofiira akuda ndi zimene zagwira kwambiri. Ndodo zake ndinapempha kwa mayi wina wa ku Dómuè amene mpanda wake wonse ndi marozi okhaokha. Zachikasu zikuchita manyazi, koma zili moyo. Achemwali anga a ku Moatize amandidabwa kuti ndimavutikiranji ndi duwa lokonda madzi. Iwo ali ndi buganvila ndi adenium, lija la tsinde lotupa limene limamera lokha m'chigwa cha Zambezi n'kumachita maluwa nthawi yozizira lilibe ndi tsamba lomwe. Anandipatsa limodzi, koma mvula yathu ya kuno linaikana, linaola tsinde. Kutentha kwa kwawo kopitirira madigiri 40 mu Okutobala ndiye chakudya chake. Utomoni wake ndi poizoni, amene muli ndi ana aang'ono mudziwe.

Tsopano ndikudikira mvula ya Novembala kuti ndiwokere. Miphika yadothi ndikufuna ndikaione ku Dedza ndikadzadutsa pa malire a Calómuè, ya pulasitiki imatenthetsa mizu. Komanso mtima wanga uli pa kumezanitsa: ndapeza rozi lina la minga yambiri limene silidwala chaka chonse, ndikufuna likhale tsinde la mitundu yonse, mpaka mpanda wonse kuyambira pachipata kukafika kuchitsime. Amene munamezanitsapo rozi kuno kumapiri, mwezi wabwino ndi uti, ndipo mumamanga ndi chiyani?