Ndodo yakuda ya ku Canberra ndi kadeno ya a bambo anga

Mwana wa achemwali anga amene ali ku Tete ananditumizira kanema pa WhatsApp sabata yathayi, akuti malume taonerani izi mukumbukira agogo. Ine ndimaganiza kuti ndi za mpira kapena za gule, koma nditatsegula ndinapeza ndi mwambo wotsegulira nyumba ya malamulo ya ku Australia. Ndinagula mega zina kuti ndionere yonse, ndipo ndinaonera katatu, mpaka mayi a kunyumba anandifunsa kuti kodi azungu amenewo akukupatsani chiyani usiku uno.

Chimene chinandigwira mtima si anduna kapena ma senetala ovala masuti aja ayi. Ndi munthu mmodzi wovala zakuda, magolovesi oyera, atanyamula ndodo yakuda pa phewa, akuyenda pang'onopang'ono mu kolido wautali, kufika pa chitseko chotseka n'kugogoda katatu ndi ndodo ija. Amamutcha Usher of the Black Rod. Kazembe wamkulu woimira mfumu akakhala kale m'chipinda cha Senate, amatuma munthu ameneyu kukaitana aphungu a nyumba inayo kuti abwere adzamve zimene boma likufuna kuchita. Ndodoyo ndi ya mtengo wa eboni, wakuda bii ngati phingo wathu uja amasemera zidole, ndipo kumutu kwake kuli chisoti cha siliva.

Kuti amene simunatsate za kumeneko mumve bwino, Australia ili ndi nyumba ziwiri za malamulo kuyambira 1901. Yapamwambayo ndi Senate, ili ndi mamembala 76, chigawo chilichonse mwa zigawo 6 chimatumiza 12 kaya ndi chachikulu kaya chaching'ono, ndiye madera awiri otsalawo amatumiza awiriawiri. Chipinda chawo ndi chofiira, cha aphungu enawo ndi chobiriwira. Nyumba imene amakumaniramo pano ku Canberra inatsegulidwa mu 1988. Mwambo wa ndodowu anautenga ku London, kumene chitseko amachita kumutsekera pamaso penipeni wa ndodoyo asanagogode, pokumbukira 1642 pamene mfumu Charles I inalowa m'nyumba ya aphungu kufuna kumanga anthu asanu. Ku London komweko mayi woyamba kugwira ndodoyi anali Sarah Clarke, mu 2018, patapita zaka mazanamazana ali amuna okhaokha.

Koma ndiye nditafufuzafufuza ndinapeza chinthu chimene chinandikhazika pansi. Wa ndodo uja ntchito yake si ya tsiku la mwambo lokha. Ofesi yake ndi imene imaona kuti senetala aliyense ali ndi chipinda chogwiriramo ntchito, mpando wake m'nyumba ya zokambirana uli pamalo pake, mapepala asindikizidwa ndipo afika pa desiki nthawi isanakwane, zipinda za makomiti zakonzedwa, makalata ayenda, za malipiro ndi za antchito zili m'malo. Senetala akachita mwano mpaka nyumba kumuimitsa, wa ndodoyo ndi amene angamuperekeze kunja. Ikafika nthawi yovota mabelu amalira mphindi zinayi, mawotchi a m'nyumba monse akuphethira kuwala kofiira kuti ma senetala adziwe kuti ndi iwo akuitanidwa, kenaka zitseko zimakhomedwa, wochedwa yense watsala panja. Amakhoma ndani? Antchito omwewo amene dzina lawo simudzalimva pa wailesi. Ndipo onsewa ali pansi pa mlembi wamkulu wa Senate, sali a chipani chilichonse, boma likasintha iwo amakhalapobe.

Apa ndi pamene ndinawaona a bambo anga.

A bambo anagwira ntchito ya ukontinuwo zaka zambiri pa ofesi ina ya boma kuno ku Angónia. Amene munakulira mbali ya ku Malawi mungati mesenjala. Kusesa, kutsegula mazenera, kunyamula makalata pa njinga kupita nawo ku maposito, kuwiritsa tiyi wa alendo, kukweza mbendera m'mawa ndi kuitsitsa madzulo. Malipiro ake anali ochepa moti mayi akanapanda kulima mbatatesi ndi nyemba ife sukulu sitikanaiona. Koma likayandikira tsiku la 25 Juni lokumbukira ufulu wa Mozambique, kapena 3 Febuluwale tsiku la ngwazi, kapena kukubwera mlendo wamkulu wochokera ku Tete, aliyense mu ofesimo, ngakhale ovala mataye, amafunsa a bambo kuti akulu, tikhazika bwanji anthu.

Anali ndi kadeno (kabuku kolembamo) ya chikuto chakuda, yomanga ndi mphira wa chubu cha njinga. M'menemo analembamo ndi pensulo mafumu onse a m'deralo, wamkulu ndani, wotsatira ndani, ndani ndi ndani sangakhale moyandikana chifukwa cha mlandu wa dimba umene unayamba agogo awo ali moyo, ndani samva bwino khutu lakumanzere ndiye akhale mbali yakuti, abusa ndi ansembe akhala pati, ma kombatente akale, omwe anamenya nkhondo ya ufulu, akhala pati, gulu la ngoma lilowa nthawi yanji ndipo lilowera kuti. Palibe anawaphunzitsa zimenezi pa sukulu iliyonse, anazitola okha poona ndi pofunsa akuluakulu.

Ndikukumbukira m'mawa wina wa 25 Juni ndili ndi zaka ngati 13, anandidzutsa tambala woyamba asanalire. Amene mukudziwa chisanu cha ku Ulongwe mwezi wa Juni mukudziwa chimene ndikunena, udzu uli mbuu, zala zosapindika. Tinasenza mipando kuchokera ku sukulu, inayiinayi pamutu, maulendo osawerengeka. Tikaika mzere a bambo amabwerera m'mbuyo masitepe khumi, kutsinzina diso limodzi, n'kunena kuti mwana wanga sunthira uwo pang'ono, wapendama. Kenaka anatenga kansalu n'kupukuta mpando uliwonse mame, umodziumodzi, ndipo pansi pa mpando uliwonse wa kutsogolo anamata kapepala ka dzina ndi phala la ufa. Ine ndinadandaula kuti a bambo, anthuwo akangokhala basi, sadziwa n'komwe kuti munapukuta. Anangondiyang'ana n'kunena kuti akadziwa ndiye kuti china chalakwika. Dzuwa litakwera alendo atafika, iwo anakavala malaya awo oyera n'kukaima kumbuyo kwa tenti manja kumbuyo, maso ali pa mizere ija mpaka mwambo kutha.

Chaka china anadwala malungo sabata ya mwambo, anagona osadzuka masiku anayi. Ntchito ija anapatsa mnyamata wina watsopano, wophunzira bwino ndithu, Chipwitikizi chake chosalala, koma kadeno ija sanaifunse. Mfumu yaikulu ya mbali ina anaiika mzere wachiwiri, kumbuyo kwa munthu wa malonda amene anathandiza ndi mafuta a galimoto. Mfumu ija itafika inaima, inayang'ana mpando, inayang'ana nduna zake, osalankhula kanthu, n'kutembenuka. Anthu ake onse anaitsatira, ovina ngoma ndi zishango zawo omwe, bwalo linatsala theka. Nkhani siinathere pomwepo, chifukwa patapita miyezi ingapo boma litapempha anthu a kumeneko kuti alambule msewu, anthu amangoti tamva, koma khasu osatuluka. Zinatenga ulendo wa akuluakulu ndi mbuzi kuti zikonzeke. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti a bambo atachira anaitanidwa n'kukalipidwa ngati iwo ndi amene analakwa, akuti bwanji simunasiye malangizo. Anabwera kunyumba madzulo amenewo osadya nsima. Palibe chaka chimodzi mwa zaka zonse zimene zinayenda bwino chimene wina anawaitana kuti zikomo.

Ndiye mukuona chifukwa chake kanema uja anandisowetsa tulo. Kumeneko ntchito yomweyi, yokonza mipando, yodziwa amene alowa poyamba, yosunga chitseko, anaipatsa dzina, ofesi, malamulo olembedwa, ndipo munthu wake amayenda patsogolo pa pulezidenti wa Senate tsiku lililonse nyumba ikamayamba. Akapuma pantchito wina amalowa n'kupeza zonse zili m'mabuku. Kuno nzeru ngati zimenezo zimakhala m'mutu mwa munthu mmodzi ndi m'kadeno yomanga ndi mphira.

Ife ku Mozambique nyumba yapamwamba tilibe. Tili ndi Assembleia da República imodzi yokha ku Maputo, ma deputado kapena kuti aphungu 250, chiyambire chisankho cha zipani zambiri cha 1994. Nayonso ili ndi antchito ake, sekeretariya yaikulu imene imakonza zokambirana, kulemba zonse zimene zanenedwa, kulandira alendo, makamaka tsiku limene Pulezidenti amabwera kudzafotokoza mmene dziko lilili. Amayi atatu motsatizana akhala pa mpando wotsogolera nyumbayi, Verónica Macamo kuyambira 2010, Esperança Bias kuyambira 2020, ndi Margarida Talapa kuyambira 2025, ndipo mayina amenewa timawadziwa tonse. Koma amene amawaikira madzi pa tebulo ndi kuwasanjira mapepala ndani amamudziwa? Kuno ku chigawo nakonso tili ndi asembuleya yathu ku Tete, zinayamba ndi chisankho cha 2009, ndipo kuchokera 2019 gavanala amachokera m'chisankho chomwecho pamene Secretário de Estado, woimira boma la ku Maputo m'chigawo, amasankhidwa ndi Pulezidenti. Tangoganizani mutu umene umawawa anthu a pulotokolo masiku ano, akuluakulu awiri m'chigawo chimodzi, pa mwambo alowe ndani poyamba, alankhule ndani pomaliza. A bambo akanakhalapo bwenzi atagula kadeno yachiwiri.

Abale athu a kutsidya kwa malire anayesako kulemba za Senate. Malamulo aakulu a Malawi a 1994 anali ndi nyumba yachiwiri ya anthu 80, ena ochokera m'maboma, ena mafumu, ena oimira magulu ngati amayi ndi olumala, koma siinakhalepo pansi ngakhale tsiku limodzi, ndipo mu 2001 nthawi ya a Bakili Muluzi anaichotsa m'malamulo. Ndikapita ku msika wa ku Lizulu kapena ku Dedza nthawi zina ndimamva akuluakulu akuikumbuka, ena akuti ikanathandiza kuletsa aphungu kuthamanga ndi malamulo, ena akuti kukanangokhala kudya ndalama. Kunonso alipo amene amati mafumu athu akanakhala ndi nyumba yawo, poti lamulo la 15/2000 linawazindikira kale, anapatsidwa yunifolomu ndi mbendera.

Ine maganizo amenewo sindiwakana, ndimawakonda ndithu, chifukwa Maputo ili kutali, makilomita opitirira 1,500 kuchokera ku Tete, ndipo nyumba imene chigawo chilichonse chili ndi mawu ofanana ingatithandize ife a kuno. Koma ndikamva anthu akukangana za nyumba yoteroyo amangowerenga mipando ya akuluakulu, palibe amafunsa za amene adzaiyendetse. Mfumu ya ku Tsangano kapena ku Macanga ikakhala m'nyumba imeneyo, chikalata cha lamulo chabwera m'Chipwitikizi masamba makumi asanu, adzaimasulira ndani m'Chichewa kapena m'Chinyungwe usiku womwewo kuti m'mawa ikalankhule zomveka? Ikalankhula m'chilankhulo chake, adzalemba ndani mawu ake ndendende osawapotoza? Adzaiuza ndani kuti voti ili pafupi? Adzadziwa ndani kuti mfumu iyi siingakhale kumbuyo kwa iyo? Popanda anthu amenewo, ophunzitsidwa bwino, olipidwa bwino, osaopa chipani, mfumu ija idzangokhala chokongoletsera pa TV, ndipo zimenezo zingandipweteke kuposa kusakhala nayo nyumbayo.

Komanso sikuti zinthuzi ndi zachilendo kwa ife. Amene munapitako ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kumapeto kwa Ogasiti, munaona mmene mafumu a ku Zambia, Malawi ndi kuno amalowera kwa Kalonga Gawa Undi, aliyense nthawi yake, wolengeza akutchula dzina, nduna zikutsogolera, mphatso zikulandiridwa mwadongosolo. Pali anthu amene sagona masabata kuti zimenezo zitheke. Ngakhale pabwalo la mfumu ya m'mudzi pali nyakwawa amene amakhazika anthu chete, amene amadziwa woyamba kulankhula. Wa ndodo yakuda tili naye kalekale, kungoti sitinamulembe m'buku lililonse.

Dzulo ndinatsegula sutikesi ya a bambo imene ili pansi pa bedi la mayi. Kadeno ija ilimo, mphira unaduka kale, pensulo yayamba kufufutika, masamba ena anadyedwa ndi njenjete m'mphepete. Mafumu ambiri olembedwamo anatisiya, pena a bambo anachita kudula mzere pa dzina n'kulemba la wolowa m'malo pamwamba pake, pena mpaka katatu. Tsamba lina lili ndi chithunzi cha bwalo chojambula pamanja, timabokosi ting'onoting'ono timene ndi mipando, ndi kamuvi kosonyeza kumene dzuwa limakhala nthawi ya 10 koloko kuti okalamba asaikidwe poyang'anizana nalo. Ndamuuza mwana wa achemwali uja kuti akabwera pa tchuthi abwere ndi foni yake yabwino ija tijambule tsamba lililonse, ndipo kope imodzi ndikufuna ndikapereke kwa mtsikana amene akugwira ntchito ya a bambo pa ofesi ija pano, ndinamuona pa 25 Juni wapitayu akusenza mipando yekha m'chisanu chomwe chija.